Sizasi ya Mkazi Wina

Chimbalecho anachipeza m'dengu la pakhomo, momwe eni sitolo amataya nyimbo zimene zakanika kugulidwa. Araceli Quintanar anayamba waima kaye ngati munthu amene wapeza m'bale wake akupemphetsa mumsewu. Makaseti asanu ndi awiri, onse ali ndi nkhope ya chibwenzi chake Lonnie, tsitsi lake lagolide lili yakayaka mpaka m'chiuno. Pambali pa kaseti iliyonse anali atachekapo kamzera, chizindikiro choti kampani yasamba m'manja.

Anawatola onse n'kukawandandalika pa shelefu ya kutsogolo, pamene pamakhala nyimbo zotchuka.

"Araceli, bweza," anatero a Merv, eni sitoloyo, osadzutsa n'komwe mutu.

"Ndibweze chiyani?"

"Sabata yatha unachita zomwezo. Ine kubweza m'dengu, iwe kubweza pashelefu. Msana wanga si wa mwana, wamva?"

"Koma munachimvera chimbalechi, a Merv?"

"Kawiri konse. Nyimbo yachisanu ndi chimodzi ija inandiliza, ine nkhalamba ya ndevu zanga. Chikanatuluka zaka zitatu zapitazo, bwenzi mnyamata wakoyo akusambira m'dziwe lakelake ku Encino. Koma taona pakhomapo."

Pakhomapo panali zithunzi za anyamata oimba a ku Seattle, nkhope zili ndwii, atavala malaya a mabokosimabokosi ngati anthu odula mitengo. Abale, dziko ndi losayamika! Chaka chatha chomwechi, aliyense pa Sunset, msewu wa mabala a oimba, ankapopera tsitsi mpaka kutsokomola, amuna akubwerekana utoto wa m'maso ndi zibwenzi zawo. Lero anthu omwewo akulumbira kuti sanavalepo buluku lachikopa chibadwire. Gulu la Lonnie Brubaker linavutika zaka zisanu ndi chimodzi, kumata mapepala m'mitengo ya magetsi, kugona asanu m'chipinda chimodzi, ndipo chimbale chawo, chotchedwa Saticoy, chinatuluka mu Okutobala 1991, mwezi womwe mphepo inatembenuka. Tsopano unali Malichi, ndipo palibe wayilesi yomwe inali itachiimbapo kupitirira kawiri.

Nyimbo yachisanu ndi chimodzi ija inali ya Araceli. Lonnie anaipeka atakhala pa mpando wa mu saluni, Araceli akumutsuka m'mutu. Tsitsi lotchukalo linali ntchito ya manja ake: ndiye ankalisintha mtundu, kulidula nsonga, kuliumitsa, kwa zaka zitatu zathunthu. Ankalikonda tsitsilo, ndipo ndi lomwelo limene linkamutsekera ukwati.

*

Lachitatu masana, kwawo ku Pacoima, bambo ake, a Evaristo, anaika foloko pansi asanamalize nyemba. Azakhali ake, a Chole, amene analera Araceli chimwalirire mayi ake, anaona zimenezo ndipo anayamba kupukuta tebulo loyera kale.

"Zaka zitatu ndikumva za chimbale," anatero a Evaristo. "Chikatuluka chimbale, Papa. Dikirani chimbale, Papa. Chatuluka. Chili kuti?"

"Anthu sanachimvere bwino, Papa. Ndi chabwino, ndikulumbira."

"Ubwino sadya, mwananga. Ine ndakonza mipando ya magalimoto zaka makumi atatu, palibe anandiwombera m'manja, koma sunagonepo ndi njala."

"Achimwene, mwanayu akudya," anatero a Chole.

"Adye akumva."

Chidani cha a Evaristo chinali ndi pochokera. Tsiku loyamba limene Lonnie anabwera pakhomopo, iwo anamuonera kumbuyo, tsitsi lili psii kumsana, ndipo mwaulemu wawo wonse anavula chipewa n'kumukokera mpando, akumuyesa namwali, ati, "Khalani apa, señorita." Lonnie atatembenuka, alamu awo amene analipo anaseka mpaka kutsamwa. Nkhaniyo inafika mpaka kumudzi kwawo ku Jalisco. Munthu wamkulu amakhululuka zambiri, koma osati kusekedwa ndi alamu ake.

"Lamulungu lino, wani koloko," anapitiriza. "Ngati akukufunadi, abwere adzakupemphe monga amachitira anthu. Koma abwere ndi mutu wa mwamuna, makutu ake ndiwaone ndi maso angawa. Akabwera ndi chitsamba chija, kapena akapanda kubwera, dzina lake lisamvekenso m'nyumba muno. Ndipo iwe ukadzamutsatira popanda mawu anga, chipata chija usadzachigwirenso."

"Papa, tsitsi lija ndi ntchito yake."

"Ntchito iti?"

Araceli anaweramira mbale yake. Chakudya chinamukanika.

*

Lachinayi ataweruka, analowetsa sizasi yake m'chikwama n'kukwera basi ya ku Reseda, komwe Lonnie ankachita lendi kachipinda pamwamba pa garaja ya munthu. Njira yonse ankayeseza mawu. Si nkhani yaikulu, wokondedwa, tsitsi limamera. Mphindi khumi zokha, ndikumeta ndekha. Pofika pa masitepe mawu onse anali okonzeka bwinobwino.

Anamupeza atakhala pansi pakati pa maenvulopu, akulemba maadiresi.

"Celi! Bwera uone. Kuli munthu ku Osaka wandilembera kalata, ati chimbale chathu amachimvera tsiku lililonse popita kuntchito. Ku Osaka, Celi! Ndiye ndikutumiza makaseti ku mawayilesi a ku Japan ndi ku Germany. Kumeneko anthu adakali ndi makutu."

"Wadya lero?"

"Ndadya nyimbo. Tandipesa, lapotana ngati chisa cha mbewa."

Anakhala pa mpando moyang'ana kalilole, Araceli n'kuima kumbuyo kwake. Chipeso chinayamba kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa liwombo mpaka m'chiuno. Sizasi inali m'chikwama, pafupi ndi phazi lake. Apo foni inalira, ndipo Lonnie asanadzuke, makina ojambula mauthenga anayankha okha.

"Lon, ndine Darla. Anthu aja ayankha, ndipo ndi nkhani yabwino. Usauze kaye aliyense, ngakhale mayi wa ku saluni uja. Loweruka m'mawa ndidzakutenga. Undisowe pang'ono."

Chipeso chinaima.

Darla Voss! Araceli anaphunzira naye limodzi zometa ku Van Nuys, benchi imodzi, chaka chathunthu. Darla, yemwe ankameta ndi dzanja lamanzere, anatopa msanga ndi kuima tsiku lonse, n'kuyamba kuveka magulu oimba ndi kuwapezera malo oimbira. Lilime lake linali lothira shuga, ndipo aliyense wa pa Sunset ankadziwa kuti anayendapo ndi Lonnie mwezi umodzi, Araceli asanabwere.

"Mayi wa ku saluni," anatero Araceli. "Ndiye dzina langa masiku ano?"

"Amalankhula choncho ndi aliyense, umamudziwa."

"Ndimamudziwadi. Anthu ake ati amene ayankha?"

"Za ntchito, Celi. Sindikufuna kulankhula zisanapse, ndatopa kukulonjeza mphepo."

"Koma iye ukumuuza."

"Iye ndi amene akundiuza ine!" Lonnie anagwira dzanja lake lomwe linali ndi chipeso n'kuliika pa tsaya lake. Anayang'anizana m'kalilole. Maso ake anali ofiira ndi kusagona. "Woimba ng'oma akugulitsa magalimoto ku Burbank. Wa gitala ya besi wabwerera kwawo ku Tulsa, osatsanzika. A kampani ndikaimba foni amati bwana ali pa msonkhano, miyezi inayi msonkhano umodzi. Aliyense wandiuza kuti zatha. Watsala ndiwe wekha amene sunandiuze. Tsiku lomwe udzanene iweyo, ndidzakhulupirira."

Kalanga ine, munthu ungatulutse bwanji sizasi pamenepo? Kumuuza kuti amete kunali kumuuza kuti chimbale chafa, ndipo Araceli sankakhulupirira kuti chafa. Ankachidziwa mawu ndi mawu. Ankaimbira foni ku wayilesi m'mawa uliwonse, lero ngati Linda wa ku Sylmar, mawa ngati Patty wa ku Glendale, kupempha nyimbo yachisanu ndi chimodzi, mpaka mtsikana wolandira mafoni anayamba kumuyankha kuti, "Mwadzuka bwanji, Araceli."

"Papa akuti ubwere Lamulungu, udzandipemphe," anatero motsitsa mawu. "Akuti..."

"Zoona? Akuti chiyani?"

"Akuti wani koloko."

Lonnie anadumpha n'kumunyamula m'mwamba, akuseka. Araceli anabwerera kwawo ndi sizasi yake osaitulutsa, akudzitukwana mumtima basi yonse.

*

Loweruka anaimba foni kanayi. Kanayi konse anayankha makina.

"Ndine. Ndimangofuna kumva mawu ako. Ukabwera undiimbire."

"Lonnie, ndinenso. Azakhali akuti usaiwale botolo la Papa ndi maluwa. Mawu a Chisipanishi anakuphunzitsa aja ukuwakumbuka?"

"Kodi ukadali ndi Darla mpaka pano? Chabwino. Palibe kanthu."

Ulendo wachinayi dzuwa linali litapendeka. A Chole anaima pambali pake, manja ali m'chiuno, msuzi wa mole wa mawa ukubwata pamoto.

"Nena, mwana iwe. Ukumuopa chiyani? Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Ukapanda kunena lero, mawa ulira ndi maso awiri onse."

Araceli anatsinzina n'kulankhula mofulumira, ngati womeza mankhwala owawa.

"Lonnie, pali chomwe sindinakuuze. Papa akuti ubwere utameta. Ukabwera ndi tsitsi, zathu zathera pomwepo. Sindikunena kuti chimbale chafa, sindidzanena zimenezo mpaka kufa. Ndikungonena kuti ndikukufuna, ndipo njira ina ndilibe. Ukavomera, bwera m'mawa ku saluni, ndili ndi kiyi. Ndikumeta ndekha."

Lamulungu m'mawa anadikira ku saluni maola atatu, mpando uli wokonzeka, nsalu yoyera ili pamwamba. Lonnie sanabwere, ndipo foni sinalire.

*

Wani koloko itatsala pang'ono, a Evaristo anali atakhala kale pabalaza, malaya oyera atamanga mpaka batani la pakhosi. Araceli anali kukhitchini, akutembenuza timikate tachimanga ta tortilla tomwe sankationa n'komwe. Belu linalira. Anamva azakhali ake akutsegula chitseko, kenako kukuwa.

"Mayi Maria Woyera! Achimwene, bwerani muone makutu!"

Araceli anathamangira pabalaza. Pakhomo panaima mwamuna wovala suti yotuwa, botolo kudzanja lina, maluwa kudzanja lina. Tsitsi linali lalifupi, lakuda, khosi lili pamtunda loyera ngati la mwana. Anamuzindikirira maso okha. Anagwira khoma, mumtima akuti: Wamva uthenga wanga. Wachita chifukwa cha ine. Mwina anachita manyazi kuti ndimuone akulira pa mpando, n'chifukwa chake wapita kwina. Mtima wake unadzaza mpaka kupweteka.

Lonnie anaima pamaso pa a Evaristo n'kunena mawu amene a Chole anamuphunzitsa, Chisipanishi chake chikupunthwa pa liwu lililonse: kuti makolo ake ali kutali ku Indiana ndipo wabwera yekha, kuti alibe chuma koma ali ndi manja, kuti akupempha Araceli mwaulemu wonse. Mwambo umati bambo asayankhe tsiku lomwelo, azipatsidwa milungu iwiri kapena mwezi woganiza, kuti mkamwini adziwe kuti mwana wa eni sapezeka ngati ndudu. Koma a Evaristo anadzuka, anamuzungulira Lonnie kamodzi, akuyang'ana makutu onse awiri, kenako anam'menya paphewa mwamphamvu.

"Munthu amene wataya chinthu chomwe amachikonda chifukwa cha mwana wanga, sindimudikiritsa. Mtenge. Chole, matambula!"

"Achimwene, nanga mwambo?"

"Mwambo ndine m'nyumba muno!" Anali akuseka, munthu amene Araceli anali asanamuone akuseka chaka chonse. "Ndipo za magitala zatha eti? Wachita bwino. Ku shopu kwanga kukufunika manja. Lachitatu m'mawa ndikupeze kumeneko, ndikuphunzitsa kusoka chikopa chenicheni, osati mabuluku aja."

Lonnie anaweramitsa mutu. "Inde, bambo."

Pokhala patebulo, Araceli anadutsa kumbuyo kwake ndi mbale ya mpunga, ndipo diso la mmisiri linachita zake lokha. Anayang'ana pankhongo. Kametedweko sikanali ka kwa ometa amuna a m'misika. Nsonga zinali zosiyidwa dala zosalingana, kuti munthu azioneka ngati sasamala, ndipo zonse zinapendekera kumanja, mmene imadulira sizasi ya munthu wamanzere. Kuseri kwa khutu kunali kamchira kakang'ono, kamene aphunzitsi a ku Van Nuys ankakalipira mtsikana mmodzi yekha chaka chonse, iye osasintha. Mbale ija inayamba kulemera.

"Lonnie, tandithandiza kuthyola mandimu kuseri," anatero.

*

Pansi pa mtengo wa mandimu sanachedwe ndi mawu ozungulira.

"Wakumeta ndani?"

"Celi..."

"Ndakufunsa. Zaka zitatu mutu umenewu sunagwidwepo ndi munthu wina. Ndinakudikira ku saluni kuyambira seveni koloko."

"Ku saluni? Kudikira chiyani?"

"Uthenga wanga sunaumve?"

"Uthenga uti? Kunyumba sindinafikeko chichokere dzulo m'mawa. Tinali ku studio, tikujambula mawu oti titumize, kenako ndinagona pa mpando komweko."

"Ndiye sumadziwa kuti Papa analamula kuti ubwere utameta?"

"Analamula?" Lonnie anagwira khosi lake, ndipo nkhope inasintha pamene anayamba kumvetsa. "Ayi. Sindimadziwa."

Walira mvula walira matope. Iye anapempherera makutu amenewa masiku anayi, ndipo ndi awa, ali pamtunda, koma si ake.

Zotsalazo Lonnie anazinena maso ali pansi. Ku Seattle kuli gulu lomwe woimba wawo wawathawa, ndipo kampani yawo ikufuna wina msanga. Darla ndiye wakonza zonse. Amukonda mawu, koma apereka malamulo: tsitsi lichoke, dzina asinthe, ndipo asadzatchule kwa mtolankhani aliyense kuti anaimbapo pa Sunset, kapena kuti padziko pano pali chimbale chotchedwa Saticoy. Galimoto inyamuka Lachitatu m'mawa. Chaka chimodzi, mwina ziwiri.

"Wachikana chimbale chako," anatero Araceli. "Ine ndikulimbana ndi a Merv sabata iliyonse, ndikudzisandutsa Linda ndi Patty pa foni ngati wamisala, ndikulephera kukupempha tsitsi kuopa kukuswa mtima. Darla wangonena kamodzi, iwe khosi pa mpando."

"Ndili ndi zaka makumi atatu, Celi. Sindidziwa ntchito ina. Ndimati bambo ako akavomera, tikwatirane msanga unditsatire. N'chifukwa chake ndabwera. Ndikukufuna, sindikunama."

"Avomera chifukwa akuganiza kuti wasiya zoimba! Wawayankha kuti inde, bambo. Lachitatu akakudikira ku shopu. Ukudziwa chomwe adzachite akadzamva kuti wapita, ndipo wapita ndi ndani?"

"Ndiye ndiwauze chiyani?"

"Sindikudziwa."

Sankadziwadi. Akaulula, bambo ake am'thamangitsa Lonnie lero lomwe, ndipo chipata chitsekeka mpaka kalekale. Akakhala chete, bodza likhala la awiri, ndipo Lachitatu lifika basi. Akamuuza kuti asapite, adzakhala akusoka mipando moyo wake wonse akumuyang'ana Araceli ngati ndende. Anaima ndi mandimu awiri m'manja, osadziwa kuti anawathyola nthawi yanji.

Chitseko cha kuseri chinatseguka. A Evaristo anatuluka ndi tambula m'manja, nkhope ili ngwee.

"Inu awiri, mandimu a ku Jalisco kodi? Chakudya chikuzizira. Iwe mkamwini, kodi mzimayi ali m'galimoto yabuluu pachipata panga uja ndani? Wakhalapo ola lathunthu, akungosuta."

Lonnie anayang'ana Araceli. Araceli anayang'ana mandimu.

"Ndi mnzathu, bambo. Ndiye wandibweretsa." Anakhosomola. "Ndiyenso anandimeta."

"Ndiye mwamusiya padzuwa? Ha! Munthu amene wachita tsiku limodzi zimene mwana wanga yemwe, ndi masizasi ake onse, walephera zaka zitatu! Ameneyo adya nafe, akhala pafupi ndi ine, ndimuthokoze bwinobwino. Araceli, pita ukamutenge. Chole, onjezera mbale!"

"Papa..."

"Pita, mwananga. Lero m'nyumba muno simubwezedwa munthu."

Anapita. Kuchoka pakhonde kufika pachipata ndi masitepe khumi ndi awiri okha, koma anawayenda ngati wodwala. Galimoto inali itapakiridwa kale: kumbuyo kunkaoneka bokosi la gitala ya Lonnie, ndi masutikesi awiri ogundana. Ameneyu sanali katundu wodikira Lachitatu. Darla anatsitsa galasi pang'onopang'ono, anataya ndudu pansi, n'kumwetulira ngati mmene ankachitira pa benchi ya ku Van Nuys akafuna kubwereka chipeso.

"Celi, wanenepa bwino! Bwanji, wakutsanzika kale, kapena ndidikirebe?"